Thabwa la a Lowani

A Lowani anabadwa pa 3 Juni 1938, ndipo anamwalira pa 19 Okutobala 2011, akuwodzera masana pampando wawo wapakhonde, chipewa chili kumaso. Dzina lakuti Lowani sanabadwe nalo ayi, analitola m'basi. Anagwira ntchito ya ukondakitala zaka makumi atatu, ndipo basi ingadzaze chotani, anthu atapanikizana mpaka wina kupumira m'khutu mwa mnzake, iwo ankalendewera pachitseko n'kumaitana aliyense woima m'mbali mwa msewu kuti, "Lowani, lowani, malo alipo." Madalaivala ankang'ung'udza, apolisi ankawaopseza, koma iwo ankati akasiya munthu pamsewu chakudya chamasana sichiwatsika pakhosi.

Anali munthu wamfupi, woonda, wa mawu aakulu kuposa thupi lake. Loweruka pa 8 Ogasiti 1964 anakwatira mkazi wamtali, wojintcha, amene anayamba wakana kukwera basi yawo katatu konse, nati sakufuna kufa choimirira. Mkaziyu sanabwere yekha m'moyo wa a Lowani. Anabwera ndi mchimwene wake, kalipentala, chimunthu cha mimba ngati mgolo koma cha timanja tating'ono ngati ta mtsikana wa sitandade foro. A Lowani ndi alamu awowo anagwirizana tsiku loyamba lomwelo, ndipo chiyambire pamenepo sankatha kupatsana moni osanyozana.

"Alamu, mwadzuka? Ndimayesa mthunzi wa mpanda, kani ndinu."

"Ndadzuka, alamu. Mimbayo yafika kalekale, inu mumatsalira kuti?"

Pa 31 Disembala 1993 a Lowani anapuma pantchito. Akuluakulu a kampani anawapatsa wotchi yapamkono yonyezimira. Sabata lisanathe, wotchi ija anaisinthanitsa ndi kamsoti ka nkhumba, kofiira, ka khutu limodzi logwa. Akazi awo atafunsa kuti nthawi aziidziwa bwanji, iwo anati nkhumba ikamva njala siichedwa ngakhale mphindi imodzi. Kamsotiko anakatcha Wotchi, ndipo nkhumba zonse zimene a Lowani anaweta moyo wawo wonse zinachokera mwa iko.

Khola anamanga ndi alamu awo: njerwa zootcha, pansi simenti, kangalande kotulutsira madzi, zipinda mbali iyi ndi iyo, kanjira pakati. Aliyense woliona ankati likufanana ndi basi, ndipo a Lowani sankatsutsa. Pothira madeya ankauza nkhumbazo kuti, "Sunthirani kumbuyo, anzanu adyeko." Munthu aliyense wofika pageti, kaya wowerenga mita ya madzi, kaya wogulitsa matsache, kaya wosochera wongofunsa njira, sankachoka asanayende kanjira kaja mpaka kumapeto, akumva kuti uyu ndi mwana wa uje, mdzukulu wa Wotchi, makutuwo ndi a kuchimuna. Wina anabwera kudzadandaula za fungo, anabwerera atanyamula thumba la manyowa.

Alamu nawonso anayamba kuweta, kuseri kwa chigayo, tsidya lina la msewu. Wilibala inali imodzi, fosholo imodzi. M'mawa uliwonse alamu akatha kusesa khola lawo, ankaoloka msewu ndi majombo omwewo, akukankha wilibala yomweyo, kudzaona ngati mnzawo wadzuka wamoyo. Nkhumba ikavutika kuswa, azamba anali iwo, chifukwa timanja tawo tija tinkalowa pomwe dzanja la munthu wina silikanalowa.

Matenda anafika Lachiwiri pa 11 Febuluwale 2003. M'mawa umenewo a Lowani anapeza tiana ta nkhumba ya m'chipinda choyamba titaunjikana pakona, tikunjenjemera, kumbuyo kuli chinyezi chachikasu ngati madzi otsukira mbale. Tina tinkasanza mkaka woundana. Pofika tsiku lotsatira, zipinda zina ziwiri zinali chimodzimodzi. Timaso tinalowa m'kati, khungu linakwinyika ngati la nkhalamba, ndipo tiana tija tinayamba kufa. A Lowani ankatimwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni, kamodzikamodzi, koma madziwo ankangodutsa. Nkhumba zazikulu zinadwala masiku ochepa n'kuchira, koma mawere anauma. Mwa tiana tonse toyamwa, palibe kanapulumuka.

Adokotala a ziweto, mayi wachitsikana woyenda panjinga yamoto, anafika pa 13 Febuluwale. Anayang'ana ndowe, anang'amba kamwana kamodzi kakufa, naonetsa a Lowani matumbo opyapyala ngati pepala lonyowa.

"Bambo, matenda awa alibe jekeseni," anatero adokotalawo. "Ndi kachilombo kokhala m'ndowe. Sikauluka, sikakwawa. Kamayenda ndi anthu: pansi pa nsapato, pa tayala la wilibala, pa fosholo. Nkhumba yaikulu imapirira, koma kamwana kosakwana masabata awiri sikalimba. Muno mumalowa anthu angati?"

A Lowani anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana kumwamba.

"Alendo apo ndi apo," anatero a Lowani.

"Funsani amene sanalowemo, adokotala, muwerenga msanga," anatero mayi a m'nyumbawo.

Panali nkhumba yaikazi imodzi yokha imene matenda sanaikhudze. Dzina lake linali Dona, chidzukulu cha Wotchi, ndipo inali ndi bere. Dona inkaluma makutu a zinzake, choncho inkakhala yokha m'kanyumba kakale kosungiramo makala, kuseri kwa khitchini, kutali ndi khola. Ankaidyetsa ndi mayi, amene kukhola lalikulu sankapondako, poti ankati anakwatiwa ndi kondakitala osati ndi nkhumba. Zazikazi zina zonse zinali zitakalamba, ndipo a Lowani ankayembekeza kusankha misoti yatsopano mwa tiana tinafa tija. Tsono mbewu ya Wotchi inatsalira m'mimba mwa Dona basi.

Mayi ananena maganizo awo adokotala ali pomwepo. "Ana a Dona akafa, bambo, nkhani ya nkhumba yatha pakhomo pano. Kholalo ndiikamo nkhuku. Sindingamaonerere munthu wamkulu akulira ndi supuni m'manja."

Adokotala anasiya malamulo. Khola alitsuke, alithire laimu. Wilibala isaolokenso msewu. Pakhomo la mpanda wa nkhumba anaikapo beseni lalikulu, nathiramo mankhwala ofiirira, onunkha ngati kuchipatala, nati aliyense wolowa ndi wotuluka aziponda m'menemo, nsapato zimire.

A Lowani anamvera zonse ndi mtima umodzi. Anatsuka, anathira laimu mpaka nsidze zinayera. Iwo eni ankaponda m'beseni muja mokhulupirika, mwendo uwu kenako uwu. Koma Loweruka lotsatira kunabwera aphunzitsi ena opuma ntchito kudzawapepesa, atavala nsapato zofiirira zopolishidwa bwino, zoti munthu n'kudziyang'anirapo. A Lowani anayang'ana nsapato zija, anayang'ana madzi a m'beseni, mtima unawawawa. Mlendo wabwera kudzakupepesa, iwe n'kumuviika m'mankhwala ngati ng'ombe? Anathamangira kuseri, anabwera ndi thabwa, naliyala pamwamba pa beseni ngati mlatho.

"Dutsani apa, aphunzitsi. Pang'onopang'ono, kuti fungo la mankhwalawo ligwire nsapato."

Aphunzitsi anadutsa pang'onopang'ono, atagwira mpweya. Thabwalo linaoneka kuti n'lothandiza, ndiye linakhala pomwepo. Anthu obwera kudzaona tsoka la a Lowani anali ambiri kuposa amene ankabwera kudzaona mwayi wawo, ndipo onse anadutsa pa mlatho. Alamu ankadutsapo m'mawa uliwonse, thabwa likulira ndi kulemera kwawo, wilibala atasiya kunyumba monga mwa lamulo.

Pa 24 Febuluwale nkhumba zazimuna zosiya kuyamwa, zimene zinali m'chipinda chakumapeto ndipo zinali zitapulumuka poyamba paja, zinayamba kutsegula m'mimba. Tsiku lomwelo kunamveka kuti kwa alamu nakonso zavuta. Kuti matendawo anachoka uku kupita uko, kapena uko kubwera kuno, palibe akudziwa mpaka lero, ngakhale awiriwo anakangana za nkhaniyi zaka zisanu ndi zitatu.

Adokotala anabwera m'mawa mwake. Thabwa a Lowani anali atalichotsa atamva kulira kwa njinga yamoto, nalitsamiritsa kumpanda. Adokotala anaima pa beseni nthawi yaitali.

"Bambo, mankhwala awa mwasintha liti?"

"Ndi omwe aja munathira, mwana wanga. Tikuwasamala kwambiri."

"Ndikuona. Ndi oyera ngati tiyi wa alendo. Anthu onse amene ndamva kuti amabwera kuno, palibe anasiyamo ngakhale kadothi?" Anatembenuka, naona thabwa lija, pakati pake pali njira yakuda ya mapazi. Analitembenuza ndi nsonga ya jombo. Kenako anakhala pa njerwa n'kuseka mpaka kupukuta misozi, ndipo kuseka kumeneko kunawapweteka a Lowani kuposa kukalipa.

"Sindikanatha kunyowetsa nsapato za alendo," anatero motsitsa mawu.

"Ndamva, bambo. Tsono tamverani. Dona yatsala ndi mwezi umodzi. Kuyambira lero mpaka ana ake atakwanitsa masabata atatu, kukanyumba kuja kusafike munthu wochokera kukhola lililonse. Inuyo mukafuna kukaiona, muyambe mwasamba, musinthe zovala ndi nsapato. M'mafamu aakulu amatero, ngakhale mwini wake. Mukamvera chisoni nsapato imodzi yokha, mudzafotsera ana onse."

Madzulo a tsiku limenelo a Lowani anatenga thabwa lomwe lija, nalikhomera chopingasa pa kanjira kopita kuseri kwa khitchini. Geti lakumsewu analimanga ndi waya. Misomali inapindika itatu, chifukwa manja awo anali atayamba kale kupotana ndi nyamakazi, komanso ntchito yotsekera anthu kunja sanaizolowere.

M'mawa mwake alamu anafika monga mwa masiku onse, napeza waya.

"Alamu, geti lagwidwa ndi chiyani?"

"Lagwidwa ndi adokotala, alamu. Tiyankhulane pompo."

"Pompo? Khola ndinamanga ndine, denga ndinakhoma ndine, lero ndasanduka matenda?"

"Si inu, ndi majombo anuwo."

"Majombowa ali ndi mwendo m'kati, ndipo mwendowo ndi wa mchimwene wa akazi anu."

Anatembenuka n'kuoloka msewu osayang'ana m'mbuyo. Pafupifupi mwezi wonse wa Marichi sanabwerenso. Nkhumba zawo zing'onozing'ono zinatha, zazikulu anagulitsa zitachira, khola linatsala lopanda kanthu koma losatsuka, poti analibe mtima wolowamo ndi tsache. A Lowani anaonda, ngakhale panalibe poondera. Ankakhala m'kati mwa geti ngati mkaidi, n'kumafotokozera odutsa za Dona ndi manja: mimba yafika apa, mawere atsika chonchi. Ankasamba katatu patsiku kuti akaione, mpaka mayi anayamba kubisa sopo.

Dona inayamba kuswa Lachinayi pa 27 Marichi, dzuwa litakwera pang'ono. Tiana titatu tinatuluka bwinobwino, tonyowa, tikuterereka pa udzu. Kenako zinaima. Dona inkakankha, miyendo ikunjenjemera, ikubuula, koma osatuluka kanthu. Anadikira. Anaisisita pamimba. Anaidzutsa kuti itembenukire mbali ina. Mayi anapita kusitolo kukaimba foni, nabwera ndi yankho lakuti adokotala apita kutali kukabaya ng'ombe, abwera mawa.

"Mawa tidzakhala tikukumba dzenje," anatero mayi. "Kamwana kapingasa. Lowetsani dzanja, bambo."

A Lowani anayang'ana zala zawo zopotana. Mayi anayang'ana manja a iwo eni, otambalala ngati mbale. Palibe anatchula dzina, koma onse awiri anayang'ana kumsewu.

Sanafunike kutuma munthu. Mwini sitolo anali atamva foni ija, wachigayo anamva kwa mwini sitolo, ndipo a Lowani pofika kugeti anapeza alamu akumasula kale waya, malaya atapinda mpaka m'mapewa, kumapazi kuli majombo omwe aja, ndowe zouma zili m'mbali.

"Tsegulani, alamu, zokangana tikangana mawa."

Lilime la a Lowani linadziwa mawu amodzi okha oyankhira munthu woima pakhomo, ndipo mawuwo anafika mpaka kumano. Kuseri Dona inabuulanso. A Lowani anagwira geti ndi manja onse awiri.

"Imani pomwepo, alamu. Vulani."

"Ndivule chiyani?"

"Zonse. Majombo musiye kunja kwa geti. Zinazo mukavulire kubafa. Mukasambe ndi sopo, mutu womwe, zikhadabo zomwe."

"Ndinasamba dzulo."

"Achimwene," anatero mayi ali pakhonde, chidebe cha madzi otentha chili kale m'manja, "mukasamba nokha, kapena ndikusambitseni ngati mmene ankachitira amayi?"

Alamu anavula majombo. Anadutsa pabwalo chopanda nsapato, akuponda monyang'ama ngati tambala pa phulusa lamoto, nalowa m'bafa. Zovala zinaponyedwa pamwamba pa khoma chimodzichimodzi, ndipo mayi ankazitola ndi ndodo n'kuziponya mumgolo wa madzi owira. A Lowani anathamangira m'nyumba, nabwera ndi thalauza lawo lalikulu koposa onse, naliponya m'bafamo. Alamu anayesa kulivala.

"Alamu, ichi ndi chiyani? Sokosi?"

"Ndi thalauza langa la ukwati."

"Lathera m'mawondo."

Anayesa ovololo, anayesa kabudula wa mpira amene mwana wawo wamwamuna anasiya. Palibe chinadutsa ntchafu. Pamenepo mayi analowa kuchipinda, natuluka ndi diresi lawo lobiriwira la maluwa achikasu, lochapa ndi kusita, la manja afupiafupi.

"Ayi, chemwali. Ine ndine munthu wodziwika."

"Dona siikudziwani. Valani. Zipi ili kumbuyo."

Anatuluka m'bafa atavala diresi, kumapazi patapata wa mlongo wawo, ndevu zikudontha madzi. Linawakhala bwino modabwitsa. A Lowani anatsegula pakamwa, koma alamu anawaloza ndi kachala.

"Mukangonena kanthu kamodzi, nkhumbayo muzamba nokha."

Anawerama pansi pa thabwa lopingasa lija, diresi atakwinya m'manja, nalowa m'kanyumba. Anagwada pa udzu, anapaka mkono sopo mpaka m'chigongono, nayamba kuyankhula ndi Dona motsitsa, monga ankachitira nthawi zonse: pepa mayi, pepa, tathana nazo pompano. Kadzanja kaja kanalowa pang'onopang'ono. Alamu anatsinzina, tsaya atatsamiritsa pa ntchafu ya nkhumba, akufufuza.

"Ndakapeza. Kagona chopingasa ngati chidakwa pakhomo la bala. Dikirani, ndikagwire mwendo."

Anakatembenuza, nakakoka Dona ikamakankha, kuleka ikaleka. Kanatuluka kali lobodo, kosapuma. Alamu anakachotsa zonanda kukamwa, anakapukuta mwamphamvu ndi mpendero wa diresi, mayi akuyang'ana kumbali, mpaka kanayetsemula n'kulira. M'mbuyo mwake tina tinabwera motsatizana ngati anthu otsika basi padepoti. Tonse pamodzi tinali khumi ndi kamodzi. Kamodzi kanabadwa kakufa. Khumi tinapeza mawere.

Zovala za alamu zinali zisanaume, choncho anakhala pakhonde masana onse ndi diresi lija, miyendo atapingasitsa, akumwa tiyi. Odutsa mumsewu ankachepetsa liwiro. Wogulitsa matsache anapereka moni kuti, "Mwaswera bwanji amayi," ndipo alamu anayankha ndi mawu awo onse a besi kuti aswera bwino, kaya iye.

"Mukadakhala mkazi, alamu, ndikadakwatira inu," anatero a Lowani.

"Ndikadakukanani kanayi. Mlongo wangayu anafulumira."

Koma nkhani inali isanathe, ndipo onse ankadziwa. Ngati kachilombo kanatsalira pansi pa chikhadabo chimodzi, kakanaonekera m'masiku otsatirawo. M'mawa uliwonse a Lowani ankasamba, kuvala zochapa, n'kupita kukanyamula tiana tija kamodzikamodzi, kukweza kamchira, kuyang'ana, kukabweza. Tsiku lachinayi anapeza chinyezi pa udzu, anaitana mayi ndi mawu osamveka bwino. Mayi anawerama, ananunkhiza, nati Dona yagubuduza chomwera madzi. Alamu sanaloledwenso kudutsa thabwa, ndipo ulendo uno sanakwiye. Ankafika pageti m'mawa, a Lowani ankawaonetsa zala khumi, iwo n'kubwerera kukatsuka khola lawo, limene tsopano analigwira ndi laimu ngati akuyembekeza mkwatibwi.

Adokotala anabwera pa 17 Epulo. Anasamba m'bafa lomwe lija osauzidwa, anavala ovololo yochapa imene anabwera nayo m'pepala lapulasitiki, nalowa. Tiana khumi tinali tikuthamangitsana, tonenepa, tonyezimira, kamodzi kakuluma kale khutu la kanzake. Anatinyamula, anatsina khungu, anayang'ana m'maso ndi kumbuyo.

"Apa ndiye tadutsa, bambo. Misoti ilipo isanu ndi umodzi. Sankhani yosunga."

A Lowani anavula chipewa, anachivalanso, anachivulanso. Mayi, amene anaima pakhomo manja ali m'chiuno, anati nkhuku zawo zidikira, zilibe changu.

"Tsono, mwana wanga," anatero a Lowani akuperekeza adokotala ku njinga yawo, "anthu akhala akufunsa. Ndingayambe liti kuwaonetsa?"

"Kuona ndi maso, bambo, osati ndi mapazi. Aone ali kunja kwa mpanda."

"Mpandawo ndi wautali."

"Muli ndi kalipentala pachibale."

Loweruka pa 19 Epulo alamu anabwera ndi sowo, hamala ndi matabwa atsopano. Anamanga kansanja ka masitepe atatu kunja kwa mpanda, moyang'anana ndi kanyumba ka Dona, kokhala ndi chogwirira cha okalamba. Anakayesa okha polumphapo kawiri, kanapirira. Misomali yomaliza isanalowe, anthu asanu anali ataima kale pamzere mumsewu. A Lowani anaima m'kati mwa mpanda, kamsoti kofiira kali m'manja, nakakweza m'mwamba kuti woyamba kukwera akaone bwino, n'kuyamba kufotokoza kuti amake ndi ndani, agogo ake ndi ndani, ndi kuti anakazamba ndi mayi wina wandevu wa tsidya lina la msewu.